Sinditsika Mlatho Usanaleke Kuvina

Ulvasund, Norway
11 Seputembala 1994

Wokondedwa mkazi wanga Idalina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu, iwe pamodzi ndi mwana wathu Graciete ndi amayi. Bondo lija lasiya kukuvuta? Ine kuno ndili bwino, ndikudya ngati anthu awiri. Achimwene ako a Amílcar nawonso ali bwino, kungoti kudandaula sanasiye. Chibwerereni kuno akuti khofi ndi wamadzi, buledi ndi wakuda, dzuwa ndi labodza. Ndinawauza kuti alamu, mukadandaulanso ndikutumizani kwa mlongo wanu pa positi, sitampa ndigula ndine.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mlatho taukumanitsa. Lachinayi chigawo chomaliza cha msewu chinabwera pa bwato, tinachikweza ndi zingwe mpaka chinalowa pamalo pake, pakati penipeni pa nyanja. Tsopano munthu atha kuchoka tsidya lino kukafika tsidya linalo osanyowa phazi. Milatho ndamangapo ingapo m'dziko lino, iwe ukudziwa, koma uwu ndi wina. Nsanja ziwiri zokha, zingwe ziwiri zikuluzikulu, msewu wonsewo n'kumangolendewera m'malere. Ukaima pakati, pantoni yowolotsa anthu ija imaoneka ngati nsapato. Ndinanyada, sindibisa.

Mnzanga Oddvar, mkulu wa konkuno uja amene mkazi wake anakulukira juzi chaka chatha, akuti tikonze mimba. Ntchito ikafika poterepa mwini wake amayenera kuphika. Pamwamba pa nsanja padzakhala nkhata ya masamba, pansi nyama ya nkhosa ndi mowa wosafunsa kuti wamwa angati. Alamu atamva zimenezi anasiya kudandaula tsiku lathunthu.

Za nyumba, kangachepe ndatumiza ku banki. Umuuze mmisiri Teotónio kuti maganizo ake ndawakana. Nyumbayo ikhale yosanja monga tinagwirizana, chipinda chathu pamwamba, ndi khonde loyang'ana ku tchalitchi. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito m'mwamba, sindingakagone pansi ngati bakha. Ndikufuna Lamlungu anthu potuluka ku Misa azikweza khosi kuti atipatse moni.

Kanthu kena kakang'ono. Dzulo kunali kamphepo kabwinobwino kochokera ku nyanja yaikulu, kosagwetsa n'chipewa chomwe, koma msewu unayamba kukwera ndi kutsika pansi pa mapazi athu. Ndowa ya penti inayenda yokha mpaka kukagunda nsapato ya alamu. Tinaseka n'kupitiriza ntchito. Mlatho watsopano umafunika kudziwongola.

Ndine wako,
Belmiro


Ulvasund
2 Okutobala 1994

Idalina wanga,

Moni wochokera kozizira kuno. Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti mphesa zabereka. Ife thupi lili bwino. Mtima ndiye ayi, wapsa.

Kuja sikunali kudziwongola. Mlatho ukuvina, Idalina. Chodabwitsa n'chakuti namondwe akabwera, umaima nji ngati palibe chikuchitika. Koma ikangofika mphepo ija yapakatikati, yosathamanga, yosapuma, yowomba cham'mbali, basi gule wayamba. Pakati pamakwera, kwinaku kukutsika, kenako zimasinthana, zingwe zikulira. Aboma anena kuti galimoto sizidutsapo mpaka chifukwa chake chidziwike.

Anyamata a pantoni akondwa, poti mlatho ukatsegulidwa ntchito yawo yatha. Amadutsa kunsi kwathu akuliza hutala, wina atanyamula kodiyoni, n'kumakuwa kuti Apwitikizi, nyimbo tabweretsa, mlatho wanu uvine bwino. Loweruka m'sitolo, mayi Torhild, amene ndakhala ndikugula kwa iwo chifikireni m'mudzi muno, anandifunsa pamaso pa anthu ngati kwathu mabawuti timamanga ndi sipanala kapena ndi pemphero. Anthu anaseka. Ndinawayankha kuti nsomba zawo zouma timagula ndife, tsiku lomwe tidzasiye adzazidya okha mpaka mano kutha. Pamenepo sanaseke.

Wondipweteka kwambiri ndi bwana wathu Ragnvald. Anatisonkhanitsa n'kunena kuti phwando kulibe, sangadyetse anthu ntchito ili ndi chikaiko. Mtundu wa munthu sanatchule, koma maso ake anali pa gulu langa. Ndinaimirira.

"Bwana, bawuti iliyonse ya pakati paja yadutsa m'manja mwanga kapena mwa anthu anga. Tengani sipanala mukayese nokha. Mukapeza imodzi yokhwepa, bwerani nayo ndiimeze muli pomwepo."

Iye anangoti nkhaniyo ili m'manja mwa mainjiniya, n'kutuluka.

Usandilemberenso za ntchito ya ku fakitale ya amalume ako. Ndatemetsa nkhwangwa pamwala: pa mlatho uwu sinditsika usanaleke kuvina, ndipo onse akutinenawa adzawolokapo atanyamula manyazi awo. Ndikachoka lero, mbiri yomwe nditasiye kuno ndi yoti Belmiro anamanga katungwe n'kuthawa. Mbiri imeneyo idzatsata Mpwitikizi aliyense wodzafuna ntchito kuno.

Oddvar naye wakwiya, ngakhale kukwiya kwake n'kongosuta kaliwo mwakachetechete. Akuti bwana womana phwando ali ndi mankhwala ake kuyambira kalekale. Tikukonza kanthu. Ukamatumiza soseji ija ukulunge kawiri, yapitayi inafika itanunkhitsa positi yonse.

Wako yemwe uja,
Belmiro


Ulvasund
23 Okutobala 1994

Idalina,

Ndili moyo. Ndikulemba ndi dzanja langa lomwe, ona zilembo zokhotazi, palibe wina angalembe moipa chonchi. Pa foni paja unkangolira, sindinathe kufotokoza, ndiye khazika mtima pansi uwerenge. Amayi uwauze avule zakuda, ndipo ansembe Misa ija aisinthe ikhale yothokoza. Kaya inu nonse mwadzuka bwanji pambuyo pa zonsezi.

Mankhwala a Oddvar aja ndi awa. Bwana akamana phwando, amisiri amasoka chidole cha msinkhu wa munthu n'kuchipachika poonekera, kuti dera lonse lidziwe kuti pano pali bwana woumira. Wa kuno aliyense akachiona amangoseka. Tinatenga ovolosi yanga yakale, tinaikamo udzu, n'kuiveka magolovesi ndi nsapato. Cholakwika chinali chimodzi. Ovolosiyo ili ndi dzina langa kumsana, zilembo zikuluzikulu zomwe unasoka iwe zija kuti isamasokonezeke kochapa. Palibe anaganizako.

Lamlungu m'mawa tinapita nacho pakati. Oddvar ankafuna tichimangirire pa chitsulo cha m'mbali, ine ndinati ayi, chikalendewere kunsi kwa msewu kuti a pantoni achione bwino. Ndinavala lamba wachitetezo n'kutsika ndekha. Ndili mkati momanga mfundo, kamphepo kaja kanafika, mlatho n'kuyamba zake. Chitsulo china chinandipatsa moni kuseri kwa khutu, pang'ono chabe, chipewa changa n'kugwera m'nyanja. Ndinakwera ndekha. Alamu akakuuza kuti anachita kundikoka, dziwa kuti achimwene ako kukokomeza nkhani ndi khalidwe lawo.

Tsono pa pantoni tsiku limenelo panali Zeferino wa kwathu konko, woyendetsa lole ya nsomba uja. Iyeyu kuno amangodutsa, mwambowu saudziwa. Anaona munthu akulendewera pa chingwe, kukwera ndi kutsika, dzina langa kumsana. Atangofika tsidya anathamangira foni, ndipo m'malo mofunsa kaye kwa ife anaimbira ku golosale ya kumudzi. Ndamuuza kuti ndikadzafadi asadzavutike, iye ntchito yake wagwira kale.

Ragnvald anatuma anthu kuti akachidule, koma mphepo sinawalole, chinavina mpaka Lachitatu. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala. Phwando silinabwerebe, koma tsopano bwana akalowa m'sitolo anthu amamufunsa ngati nyama ya nkhosa yakwera mtengo.

Unandiuza pa foni kuti ndisankhe, mlatho kapena iwe. Mawu amenewo andilasa. Ndikudziwa kuti ndakuliritsa maliro a udzu, ndipo ndikupepesa ndi mtima wonse. Ndikaganiza za iwe utakhala pa mpando wa m'golosale muja anthu atakuzungulira, chakudya chimandikanika. Koma funso limenelo sindiyankha, chifukwa ndi funso la mkwiyo. Unakwatiwa ndi munthu wouma mutu ukudziwa, atate ako anakuchenjeza pamaso panga. Kubwera sindibwera.

Mwamuna wako wamoyo,
Belmiro


Ulvasund
4 Disembala 1994

Wokondedwa Idalina,

Kalata yako yaifupi ija yafika. Ngakhale inalibe moni, ndaona kuti dzanja lako ndi lamphamvu, ndiye ndikuti uli bwino. Ine ndilipo. Alamu anadwala chimfine, achira, ayambiranso kudandaula.

Tsopano tamvera. Kunabwera injiniya wina, mayi Gunvor, wamfupi, wosaseka wamba. Anakhala nafe pa mlatho milungu yonseyi akumata timakina take paliponse, kenako anapita ku Trondheim kukapanga kamlatho kakang'ono kofanana ndi wathu. Anakaika m'chipinda chokhala ndi fani yaikulu, n'kumapemerera utsi kuti njira ya mphepo ioneke. Lachisanu anatiitana tonse kodyera n'kutionetsa kanema wake.

Anati mphepo ikamenya m'mphepete mwa msewu imagawikana, ina pamwamba, ina kunsi. Ya kunsiyo imalephera kukhota pa ngodya, ndiye imaduka n'kupanga timvuluvulu tomachoka motsatana. Kalikonse kakamachoka kamakankha msewu pang'ono. Mphepo ikakhala pa liwiro lija, kukankhako kumagwirizana ndendende ndi mmene mlatho umagwedezekera pawokha, monga munthu wokankha katungwe pa nthawi yake. Namondwe amakankha mosokonekera, n'chifukwa chake sauvinitsa. Tinaziona ndi maso athu mu utsi muja.

Alamu ndi amene analimba mtima. "Ndiye mayi, mabawuti athu alibe mlandu?"

"Mabawuti anu ndawayesa mpaka dzanja kutupa," anatero mayiwo. "Mlandu ndi wa ngodya, ndipo ngodyayo tinajambula ndife a mapensulo."

Ragnvald ankangoyang'ana m'kapu mwake. Ine ndinamuyang'ana iyeyo mpaka khofi wake anazizira.

Mankhwala ake akuti ndi mapiko achitsulo opindika, oti andandalikidwe kunsi kwa msewu mbali zonse ziwiri, kuti aziperekeza mphepo pokhota pa ngodya paja. Pafunika anthu olendewera m'dengu lachitsulo kunsi kwa mlatho dzinja lonseli, kumanga phiko limodzilimodzi. Bwana asanatsegule pakamwa kufunsa, dzanja langa linali m'mwamba. A pantoni amva kale, akuti poyamba unkavina, mukaupatsa mapiko ndiye uuluka. Mayi Torhild akuti tidzaona. Aziti tidzaona choncho, adzaonadi.

Khirisimasi sindibwera, usakwiye. Tikadya kwa Oddvar nthiti za nkhosa zouma zija. Nsomba youma ndatumiza ndi Zeferino, ameneyo akufuna kulipira tchimo lake, ndipo nsapato za ubweya zili m'katimo ndi za Graciete. Anyezi kuno akugulitsa ngati mankhwala, ukapeza wobwera unditumizire.

Masitepe a nyumba aja Teotónio aike chogwirira mbali zonse ziwiri, ndipo asawaimike kwambiri. N'chifukwa cha amayi. Bedi la kuno layamba kumayenda ngati bwato, ndiyesa miyendo yake yafupikirana, ndaikapo katoni koma sizikusintha. Khutu lija limandiimbira kanyimbo nthawi zina. Ndi kuzizira.

Ndine,
Belmiro


Ulvasund
19 Febuluwale 1995

Mayi a Graciete,

Ndakuitana choncho dala, chifukwa kalata yako yandilankhula ngati mwana. Moni kwa nonse. Ndamva kuti denga lakwera, zikomo poimirira ntchito. Amisiriwo uwaphikire bwino, asatipachikire chidole.

Ntchito ya mapiko ikuyenda. Mbali ya kumadzulo yatsala pang'ono. M'mawa timalowa m'dengu atatu, ine, alamu ndi Oddvar, kireni, makina onyamulira zolemera aja, n'kutitsitsira phiko. Pansi madzi akuda, pamwamba chitsulo, pakati ifeyo ndi zala zouma ndi chisanu. Bawuti ikakupulumuka suimva n'kugwa komwe. Mphepo ija ikabwera timamangirira zida n'kudikira, dengu likukwera ndi kutsika pamodzi ndi mlatho. Oddvar amatulutsa buledi wake wa tchizi chofiirira n'kumadya ngati ali pakhomo pake, alamu akutchula oyera mtima onse a pa kalendala.

Ndikudziwa kuti achimwene ako akulembera. Zomwe walemba zija sungazilote wekha. Lolemba tinayambana. Anandipeza ndikuvala nsapato, anatseka chitseko n'kuima pamenepo.

"Alamu, tsikani. Dzulo ndakuonani mukugwira khoma pochokera ku bafa."

"Khomalo ndi lanu?"

"Musandiyankhe zachibwana. Khofi mukumwera theka la kapu kuopa kutaya, mukuyesa sindikuona? Mlongo wanga walira kale maliro anu kamodzi. Kachiwiri ndikamuuze ndine?"

Ndinawauza kuti ntchito kuno ndinawapezera ndine, ndipo akangotsegula pakamwa kwa dokotala, chilamu chathu chathera pomwepo. Anati chilamu sichitha ndi mawu a munthu wodzandira. Chitseko anatsegula okha, m'dengu tinalowa tonse, tsiku lonse osalankhulana kupatula kupempha sipanala.

Popeza wafunsa mwachindunji, ndikuyankha mwachindunji. Chizungulire chilipo, sindikana. Chinayamba tsiku la chidole lija. Koma tamvetsa bwino, chimandigwira ndikakhala pansi. M'sitolo, m'chipinda, pa msewu wa m'mudzi, dziko limayenda. Ndikakwera pa mlatho mphepo n'kuuvinitsa, mutu umayera mbee. Mlatho ukuyenda, ine ndikuyenda, timagwirizana. M'dziko lonse lino malo amene ndimaima mowongoka ndi pamenepo pokha. Ndiye amene akuti ndikagwa sakudziwa chomwe akunena. Ngati n'kugwa, ndidzagwera pa mulu wa mbatatesi kwa mayi Torhild, osati m'nyanja.

Usalembere kalata Ragnvald monga waopsezera. Ukatero undichititsa manyazi oposa a chidole. Ndinanena pamaso pa anthu kuti phiko lomaliza ndidzamanga ndine, ndipo mawu anga sindibweza. Mpesa wa kuseri uja audulire mwezi uno usanathe, ndipo asapatse mpeni Zeferino.

Wako ngakhale wakwiya,
Belmiro


Ulvasund
26 Malichi 1995

Idalina,

Moni. Ndili moyo, za bwino sindinena.

Achimwene ako andigulitsa. Anapita kwa mayi Gunvor, mayi Gunvor n'kupita kwa dokotala. Anandiitana ngati n'zoyeza wamba. Dokotalayo anandiunika m'khutu, kenako anati ndiime, ndiphatikize mapazi, nditsinzine. Ndinatsinzina. Potsegula maso ndinali nditakumbatira kabati yake ya mankhwala. Ndinamuuza kuti akandiyezere pa mlatho aone, iye anati anthu sakhala pa mlatho. Lamba wanga alanda, apachika mu ofesi.

Ragnvald anandiitana ndi nkhope yachifundo, yomwe inandinyansa kuposa yamwano ija. Anati kampani indigulira tikiti, ndipite ndikapume, ndagwira ntchito yaikulu. Ndinamuuza kuti tikitiyo apatse a pantoni, ndi amene atasowe kopita posachedwa. Kunditsitsa anditsitsa, ndavomera, anali ambiri. Koma kuchoka mu Ulvasund mlatho ukuvinabe, ayembekeze.

Tsopano ndili m'shedi ya kugombe. Ndimapaka mafuta mabawuti ndi kuyang'ana phiko lililonse lisanakwere. Awiri ndawabweza kale, anali opindika molakwika. Mtima umawawa, Idalina. Ndikamva kireni ikulira ndimaluma mano, ndipo tsiku lina ndinalira ndili ndekha kuseri kwa mulu wa zitsulo. Ndakuuza iwe wekha, zisafike ku golosale.

Mphepo ija ikabwera nthawi ya nkhomaliro, Oddvar amandizembetsa pa galimoto ya ntchito mpaka pakati, kuti ndikaime pang'ono mutu upume. Iye amangoyatsa kaliwo n'kuyang'ana kumbali. Koma gule akuchepa sabata ndi sabata. Mapiko akugwira ntchito. Ndikudziwa tanthauzo lake kwa ine, usachite kundiuza. Mabawuti ndipakabe.

Alamu sindikuwalankhula. Chakudya chawo ndikudya, poti kuphika amatha, koma ndimadya nditayang'ana kukhoma.

Belmiro


Ulvasund
7 Meyi 1995

Wokondedwa mkazi wanga Idalina,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, Graciete ndi amayi. Kuno chisanu chasungunuka, mapiri ayamba kubiriwira, ndipo ine ndili ndi nkhani.

Phiko lomaliza linakwera sabata yatha. Anamanga ndi alamu, koma bawuti yomaliza Oddvar anaibweretsa kaye ku shedi kuti ndiipake mafuta ndi dzanja langa. Kenako tinadikira mphepo. Kunagwa bata lochititsa mkwiyo, anthu akungoyang'ana mbendera. Lachitatu masana inafika, yomwe ija, yosathamanga, yosapuma, yowomba cham'mbali. Mudzi wonse unatsikira kugombe. Pantoni inaima kunsi, hutala osaliza.

Mayi Gunvor anati amisiri onse tipite pakati wapansi. Ragnvald anafuna kunena kanthu za ine, koma mayiwo anangomuyang'ana, iye n'kundisiya ndipite. Ndinayamba kuyenda ndekha. Ndinkadikira kuti msewu undinyamule monga kale, mutu uyere. Sunandinyamule. Unali nji, ngati msewu wa m'mudzi, ndipo dziko linayamba kundizungulira pomwepo. Ndinadzandira mpaka kukagwira chitsulo cha m'mbali, anthu onse a kugombe akuona.

Alamu anabwera n'kuima pambali panga, mkono atautambasula. Ndinawayang'ana nthawi yaitali.

"Bweretsani mkono wanuwo," ndinatero, "koma muziyenda ngati ndikukuthandizani ndine."

"Inde alamu, miyendo yangayi yatha, ndigwireni ndithu."

Tinafika pakati choncho. Mayi Gunvor anathira khofi m'kapu mpaka ndendende, n'kuiika pansi pa msewu. Timakina tawo tinali titawauza kale, kapuyo inali ya ife. Tinaizungulira amuna akuluakulu, mphepo ikutikupiza majekete, zingwe zili chete. Silinatayike ngakhale dontho. Oddvar anavula chipewa. Ine kapuyo ndinkaiona ikuyenda uku ndi uku, koma khofi anali m'malo mwake, ndiye ndinadziwa kuti woyendayo ndine. Ndinakondwa ndipo ndinalira, zonse nthawi imodzi, sindinabisenso nkhope.

Phwando linachitika dzulo. Nkhata ili pamwamba pa nsanja. Chidole chija Oddvar anali atachisunga m'galaja mwake, anachibweretsa n'kuchikhazika pa mpando woyandikana ndi wa bwana, mbale patsogolo. Ragnvald anaimirira n'kunena kuti anakaikira anthu osalakwa, ndipo phwandoli lachedwa chifukwa cha iye. Anali mawu ochepa, koma kwa munthu wa kuno ndi ulaliki wathunthu. Mayi Torhild anandibweretsera keke, akuti mapemphero athu ndi olimba. Wa kodiyoni uja anaimba mpaka thukuta, ndipo wapempha kale ntchito yosesa pa mlatho. Onse anavina kupatula awiri, ine ndi mlatho.

Dokotala akuti mwina chidzachepa, mwina ayi, koma za m'mwamba ndiiwale. Sindinamutsutse. Chomwe ndinkakanira kutsika chatha, ndipo anthu awoloka ndi manyazi awo monga ndinanenera. Ndikubwera kumapeto kwa mwezi uno. Alamu akuti andiperekeza mpaka pakhomo, akuti asowa dzuwa, koma tonse tikudziwa chifukwa chake. Funso lako lija la pa foni sindinaliyankhe nthawi imene ija. Ndikubwera nalo yankho ndi sutikesi yomwe.

Tsono malangizo omaliza, ndipo awa andivuta kulemba. Bedi lathu uliike pansi, m'chipinda chija choyandikana ndi khitchini chomwe tinati tizisungiramo mbatatesi. Cha pamwamba atenge Graciete. Teotónio akaseka kuti ananena, umuuze kuti ndamva.

Koma khonde lija musaikemo katundu. Lamlungu loyamba ndikwera, ngakhale chokwawa, ndikaime pamenepo nditavala jekete anthu akutuluka ku Misa. Akweze khosi atipatse moni. Iwe udzaime kumbuyo kwanga undigwire lamba, asaone.

Ndine wako mpaka kale,
Belmiro